Pansi pa Mwala wa M'bafa

"Mayi a Chisomo, kodi inu njovu munaionapo ndi maso?"

Anandifunsa choncho aneba anga kuno ku Machinjiri, tikuyanika zovala pa chingwe chimodzi. Mwana wawo amavuta kuti apite nawo pa ulendo wa sukulu wokaona nyama, ndiye amafuna kumva kwa munthu woti anafikako. Ndinayankha kuti ayi, ndipo sindinaname. Njovu ndimangoiona pa TV. Chimene sindinawauze n'chakuti ndili ndi zaka eyiti ndinasamba pamwamba pa njovu nyengo yonse yachisanu.

M'bafa mwathu ku Ndirande munali mwala waukulu, wafulati, wotuwa, kutalika kwake ngati chitseko cha kabati. Bafayo inali ya malata akale ndi masaka, yogundizana ndi chimbudzi, kuseri kwa nyumba. M'mbali mwa mwalawo mumamera ndere, ndipo pakati pake panali poterera chifukwa cha mapazi athu ndi sopo. Chibadwire changa mwala uja unali chikhalire, osagwedera. Chaka chimenecho unayamba kugwedera. Ukaupondera mbali ya kuchitseko umati gu, ngati pansi pake pali mphako.

Pakhomo tinalipo atatu: mayi, ine, ndi amalume. Bambo anamwalira ndisanayambe kuyenda. Puloti inali yosiyidwa ndi agogo, ndipo amalume, pokhala mlongo wa mayi wamwamuna yekhayo, ndiwo anali mwinimbumba. Amagona m'kachipinda ka pambali, ndipo pakhomo pa kachipindako anamangapo shedi yosemeramo ziboliboli. Mayi amagulitsa tomato ndi usipa pabenchi kumsewu. Kunena zoona, amene amatidyetsa bwino anali amalume, ziboliboli zikayenda.

Amasema chilichonse, koma zimene zimawakhala m'manja zinali njovu. Amasema banja lonse pa thabwa limodzi la phingo, yaikulu patsogolo, tiana tikutsatira, aliyense atagwira mchira wa mnzake. Akamaliza amapaka polishi wa nsapato wakuda n'kupukuta ndi burashi mpaka ziwale. Minyanga yake amaika ya timitengo toyera. Iwonso njovu yamoyo anali asanaionepo, amangoonera pa kalendala yakale imene anaikhoma m'shedimo. Loweruka amalongedza m'katoni n'kupita nazo m'tauni, pansi pa mitengo paja pamaima azungu. Koma chaka chimenecho azungu anachepa, phingo naye anayamba kusowa, ndipo katoni imabwerera yodzaza monga inapitira.

Ndiye kunabwera bambo wa makala. Makala ku Ndirande amabwera tsiku ndi tsiku pa njinga, kutsika njira ya ku Chileka, kudutsa pa Kameza, anthu atachita thukuta ngakhale kuzizire chotani. Palibe amayang'ana kawiri njinga ya makala. Bambo uyu amakankha njinga ngati anzake, thumba losanjikiza mpaka kupitirira mutu, koma samaitanira malonda. Mayi wina akamuimitsa kufunsa mtengo amangoti, "Ogula kale awa." Amafika kwathu cham'ma naini m'mawa, anthu atabalalika, n'kulowetsa njinga mpaka m'shedi. Chichewa chake chinali cha kumalire, cha ku Mwanza uko. Sindinamuonepo akuseka, komanso sindinamumvepo akukweza mawu.

Tsiku loyamba ndinali pakhomo chifukwa sukulu timalowa masana. Ndinaona amalume akukhuthula makala pansi, ndipo pakati pa thumba panatuluka zinthu zokhota zokulungidwa m'zitenje zakale. Anatenga khasu ndi chitsulo chotukulira, n'kulowa m'bafa. Mayi anabwera kuchokera kubenchi, anaima pachitseko cha bafa manja ali m'chiuno.

"Achimwene, pano pali mwana."

"Chemwali, masabata awiri okha. Ndingodula, ndipake, adzatenga."

"Nanga m'bafa bwanji?"

Amalume anafotokoza ngati akufotokoza za kusunga mbatata. Zinthuzi zikauma kwambiri zimang'aluka, ndiye pamafunika dothi lonyowa. Fungo lake lisokonezeka ndi la chimbudzi. Ndipo palibe mwamuna wanzeru zake amene angalowe kukatukula mwala posambira akazi a eni. Mayi anangoti, "Ndamva," n'kubwerera kubenchi. Anthu a masiku ano anganene kuti akanakana. Koma kwathu mkazi samuuza mwinimbumba kuti chotsani zinthu zanu pa puloti ya makolo. Akanakana mayi, akanakamunenera kwa ndani? Woyenera kumva dandaulolo anali yemweyo.

Masabata awiri aja anakhala miyezi itatu.

Fungo linayamba sabata yoyamba. Silinali la chimbudzi, aliyense wokulira ku Ndirande amalidziwa la chimbudzi. Ili linali lotsekemera moipa, ngati khoswe wofera kudenga. Madzi otentha akagwera pamwala, limakwera pamodzi ndi nthunzi n'kukulowa m'kamwa. Ntchentche zazikulu zobiriwira zimatera pa malata ngakhale masiku a chiperoni, pamene ntchentche zina zonse zabisala. Agalu a m'dera lonse amabwera kudzakanda m'mbali mwa bafa, mayi n'kumawathira madzi a mbale. Mayi a kuseri kwathu anafunsapo kuti, "Kodi chimbudzi chanu chadzaza?" Mayi anati inde, achimwene akonza.

Tsiku lina amalume akutsuka chimodzi mwa zinthu zokhota zija m'beseni, ndinasuzumira kumapeto kwake kokulirako. Munali mphako, ndipo m'mphakomo munali zinthu zakuda zonanda zimene amazikokota ndi waya. M'mphepete mwake munali mabala a nkhwangwa. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Masiku amenewo dzino langa lam'mbali limagwedera, ndimangolisewera ndi lilime.

"Ndi mano a njovu," anatero. "Amaguluka ngati lakolo. Anthu amangotola m'tchire."

"Ndiye limamera lina?"

"Limamera lina, lalikulu kuposa."

Langa litachoka ndinaliponya padenga monga timachitira, kuuza khwangwala kuti andibweretsere labwino, ndipo ndinaganizira njovu kuti kaya izo zimaponya pati. Lero ndili ndi mwana wa msinkhu womwewo, ndipo ndikudziwa mmene bodza limatulukira msanga mwana akakufunsa chinthu choti sungachiyankhe. Sindiwada amalume chifukwa cha bodza lija. Koma ndimakumbukira kuti polinena sanandiyang'ane, maso anali m'beseni.

Ntchito yake inali yotere. Amatulutsa mnyanga umodzi umodzi, kutseka shedi ndi thumba, n'kutsegula wailesi mokweza. Amadula ndi sowo yodulira zitsulo, zidutswa zazitali ngati chibakera, kusalaza ndi tupa, kenako kupaka utoto ndi polishi mpaka zifanane ndi phingo. Akatero amazilongedza m'katoni pansi pa ziboliboli zenizeni. Sowo ikatentha pamatuluka fungo ngati la tsitsi lopserera. Fumbi lake linali loyera ngati ufa woyera, limawakhala m'nsidze ndi m'mphuno, ndipo amalisesa okha n'kukathira m'chimbudzi. Bambo wa makala akabwera amasiya thumba, n'kutenga katoni. Katoni ikamachoka mayi amapuma, poganiza kuti zatha. Kenako mwala uja umatukulidwanso.

Pakhomo panayamba kuoneka nyama pakati pa sabata. Anandigulira jezi ya sukulu ndi nsapato. Koma amalume amene ndimawadziwa, oimba mluzu posema, onditcha "bwana wamkulu" ndikawabweretsera madzi, anayamba kutha. Anaonda. Amatsokomola. Galimoto ikaima kumsewu amasiya kutafuna mpaka idutse. Anasiya kusema njovu za phingo, banja limodzi linakhala pashelefu losamaliza, yaikulu ili ndi miyendo itatu. Mayi amawayang'ana akamadya n'kumati chapansipansi, "Zamugwira izi."

Chimene chinafulumizitsa zinthu ndi ine. Atsikana tonse kusukulu timasewera phada, ndipo aliyense amasunga phale lake loponyera. Ine ndinatola kachidutswa kamene kanagwera kuseri kwa benchi ya amalume, kozungulira, kopyapyala, kosapaka. Kamatsetsereka pansi bwino kuposa phale lililonse, kamaima pomwe wafuna. Masiku atatu ndinawina aliyense. Tsiku lachinayi mnzanga wina anakandinenera kwa aphunzitsi kuti ndikubera ndi mwala wamankhwala.

Aphunzitsi athu anali mayi wa kumpoto, wamtali, wosakonda kukwapula. Anakatenga kachidutswa kaja, anakatembenuza padzuwa, anayang'ana timizere topingasa timene tinali mkati mwake. Anakasisita ndi chala n'kuyang'ananso. Sanandifunse kuti ndakatenga kuti. Anangokaika m'thumba la diresi n'kunena kuti, "Uwauze amayi ako ndidzadutsa pabenchi pawo."

Anadutsadi, tsiku lomwelo poweruka. Anagula tomato kuti anthu asadabwe, n'kukhala pa chidebe pafupi ndi mayi. Ine ndinali pansi pa benchi kuthamangitsa ntchentche pa usipa, ndipo ndinamva zambiri. Anati kwawo njovu amazidziwa, zimalowa m'munda n'kutha chimanga cha chaka chonse tsiku limodzi, bambo awo omwe amazitukwana. "Sindinabwere kudzazilirira," anatero. "Koma ichi sichigwa chokha, mayi. Ndipo akachipeza pakhomo panu safunsa kuti wadula ndani. Amatenga wamkulu aliyense wa pakhomopo. Mwanayu atsala ndi ndani?" Anasiya kachidutswa kaja m'manja mwa mayi, pansi pa tomato, n'kumapita. Mawu akuti sichigwa chokha ndinawamva, koma ndinaganiza kuti akunena zoti dzino lina limafuna kulikoka ndi ulusi.

Madzulo ake mayi anagwada pakhomo pa shedi, monga amachitira pa nkhani zikuluzikulu. Anawachonderera achimwene awo kuti asiye. Amalume anati ngakhale iwo atopa nazo, koma pansi pa mwala pali katundu amene wangofika kumene, wochuluka kuposa kale. "Anthu awa sauzidwa kuti basi, chemwali. Ndimalize uyu, kenako ndiona polankhulira." Mayi anati mawu amenewo anawamva kale mwezi wa Juni.

Apa ndi pamene ndiyenera kuwafotokoza bwino mayi anga, chifukwa sanali munthu wopusa. Anali mayi wopemphera, wa gulu la amayi kumpingo, koma anakulira m'nyumba momwe chinthu choipa chikapezeka chokwiriridwa pakhomo amadziwa chochita nacho. Chithumwa suchiotcha, utsi ungakulowe. Suchitaya kudzala, wina angatole. Umachiwaza mchere n'kuchiponya m'chimbudzi, ndipo mphamvu yake imathera momwemo, mwini wake sangachitsatire. Mayi anaona zinthu zokwiriridwa pakhomo pawo, zonunkha, zokoka agalu, zimene zinasintha mlongo wawo mtima ndi thupi. Anazitenga ngati chithumwa. Anaganiza kuti zikachoka, mlongo wawo amasuka, apolisi akabwera sapeza kanthu, ndipo bambo wa makala akwiya masiku angapo n'kukafuna wosema wina. Anaganizira zonse, kupatula chimodzi: kuti chithumwa mwini wake amachita manyazi kudzachifunsa, pomwe mwini minyanga manyazi amenewo alibe.

Linali Lachitatu, mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa majumbo ndi fumbi. Amalume anapita ku Limbe kukagula sowo zatsopano. Mayi sanapite kubenchi, ndipo ine anandiuza kuti lero kusukulu kulibe. Anatukula mwala ndi chitsulo chija, okha, msana ukulira. Pansi pake panali dzenje lofika m'chiuno, loyalidwa masaka onyowa. Iwo amatulutsa minyanga n'kuiwaza mchere, ine ndimanyamula ing'onoing'ono kupita nayo kuchimbudzi, masitepe anayi basi. Ina inali yolemera moti timagwirizana awiri. Ina inali yaifupi ngati chinangwa, yoti ndimainyamula ndi dzanja limodzi. Umodzi unakana kulowa pabowo, mayi anachita kugumula m'mbali ndi khasu. Uliwonse ukagwa pamadutsa kanthawi, kenako phuvu, pansi patali. Ine ndimawerenga mokweza monga amatiphunzitsira kusukulu, mayi n'kumati nditseke pakamwa. Inakwana leveni. Atamaliza anapemphera ataimirira pachitseko cha chimbudzi, anakwirira dzenje lija, n'kubwezera mwala. Nditauponda sunagwedere.

Amalume anafika cham'ma thuu. Analowa m'bafa ndi chitsulo chawo, ndipo anakhalitsamo. Potuluka sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula ngati mwana, n'kufunsa kuti zili kuti. Mayi analoza ndi mutu.

"Chemwali," anatero, "mwandipha."

"Ndakupulumutsani, achimwene."

"Si zanga zija."

Lachinayi ndi Lachisanu anayesa kuvuula. Anamangirira waya wokhota ku nsungwi ziwiri zolumikiza, anagona chafufumimba pabowo atamanga kansalu pamphuno. Chimbudzi chathu chinali chakuya, chokumbidwa ndi agogo, ndipo pansi pake panali madzi. Zinthu zolemera zinali zitamira kale. Kuti agumule chonse n'kuyamba kukapa ndi zidebe sizikanatheka, ku Ndirande nyumba n'zogundizana, ukayetsemula aneba amayankha. Anthu akanadzaza kudzaonerera, ndipo woyamba kuona chinthu choyera chikutuluka akanathamangira kupolisi. Mayi anawauza kuti athawire kumudzi. Anati akathawa, anthu aja adzafunsa amene watsala pakhomo.

Loweruka m'mawa bambo wa makala anabwera wopanda njinga. Anali ndi munthu wina wovala nsapato zoyera, woti galimoto yake inatsala kumsewu chifukwa kwathu njira n'zopapatiza. Mayi anawayalira mkeka, anawapangira tiyi. Anamwa. Amalume anafotokoza zonse, osatchula mayi, anati anataya okha atamva mphekesera yoti kubwera chipikisheni. Wa nsapato zoyera anapita kukasuzumira m'chimbudzi, anabwerako akupukuta manja ndi kampango, n'kunena mwaulemu kuti iyeyo wamva, koma eni ake a katundu sangamve kwa iye.

"Tiyeni mukafotokoze nokha, madala. Madzulo mubwera."

Amalume analowa m'kachipinda kawo, anavala jekete ya kutchalitchi. Potuluka anandiuza kuti ndilowetse kasemasema ndi tupa m'nyumba, zingachite dzimbiri. Anatsika kanjira ka kumsewu ali pakati pa anthu awiri aja, osatembenuka. Mayi anatola makapu n'kukatsuka.

Madzulo sanabwere. Mayi anawasungira chakudya m'mbale yovundikira masiku atatu, kenako anasiya. Anayenda m'zipatala, anafika ndi kumotchale, anakaima pageti pa ndende tsiku loona akaidi n'kumafunsa anthu otuluka. Kupolisi kokha sanapite. Akanati mlongo wanga watengedwa ndi ndani, chifukwa cha chiyani, ndipo chinthucho chili kuti? Yankho lake linali kuseri kwa nyumba yathu, ndipo timapitako tsiku ndi tsiku. Patapita miyezi wina anati anawaona kumalire atasenza thumba pamodzi ndi anthu olowa m'tchire. Wina anati ayi, anamva zoti anamira powoloka mtsinje. Maliro sitinalire, chifukwa palibe anabwera kudzanena uthenga. Abale akumudzi anawafunsa mayi kangapo kuti mwinimbumba wathu munamusiya kuti, ndipo mayi amangoti anapita kukafuna phingo.

Chimbudzi chija chitadzaza tinachikwirira n'kudzalapo nthochi, monga amachitira aliyense. Nthochizo zinabereka kwambiri, mikoko yaikulu yoti anthu amaima kuiyang'ana. Mayi sanadyeko ngakhale imodzi, ndipo sanagulitse, amangosiyira ana a m'njira. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndinakhala pabenchi ya tomato. Puloti anadzaigulitsa ndili mtsikana wamkulu, ndipo pamalo paja pano pali nyumba ya lendi ya zitseko zinayi.

Tsiku lija ndinanyadira kuti ndawerenga bwino mpaka leveni osalakwitsa. Sindinadziwe kuti nambalayo imafunika kuigawa pawiri, komanso kuti yotsalayo nayonso inali ndi mwini wake. Minyanga leveni ndi njovu zisanu ndi imodzi. Inayi mwa iyo ndinainyamula ndi dzanja limodzi, ndiye kuti ziwiri zinali ana oti sanasiyane ndi amawo. Imene inadutsa m'makatoni miyezi itatu ija sindinaiwerenge. Njovu zisanu ndi imodzi, ndi amalume anga mmodzi, ndipo palibe ngakhale chimodzi mwa izi chili ndi manda.